Faness Akweza Zonse M'bwato

1. Kope lomwe linapita ndi madzi

Mu Novembala kuno kuchigwa dzuwa silituluka, limachita kukugwera. Ikamakwana naini koloko malata amakhala ayamba kale kulira, ndipo ngakhale mbuzi zimasiya kuba m'minda ya eni n'kukabisala pansi pa mitengo ya masawu.

Faness anali mu Fomu 3 pa sukulu ina yoyendera ya kwa Katunga. Chimwalirireni bambo ake, a Amosi, ankakhala ndi azakhali ake a Eveless, amene ankapikula nsomba zouma ku Bangula n'kumazigulitsa m'midzi. Nyumba yoyandikana nayo inali ya a Lorenso, mng'ono wa malemu bambo ake. Iwowa ndiwo ankayang'anira dimba la banja m'mbali mwa Shire, lomwe linkawadyetsa onse chimanga ndi mbatata nthawi imene minda ya kumtunda yauma gwa.

Dimba limeneli a Symon ankalifuna. Iwo anali mwana wa mng'ono wa agogo ake a Faness, ndipo chiikireni maliro a a Amosi ankangoyenda m'mudzi kunena kuti Lorenso ndi mwana, sangasunge dimba la makolo. Anthu ankawayankha kuti kaya ndi mwana kaya ndi wamkulu, dimbalo ndi la bambo ake omubereka.

Banja ili linkanyadira kumene linachokera. Kholo lawo linali m'gulu la amuna aja anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi atasenza katundu wake, n'kukana kubwerera kwawo ataona nthaka ya kuno. Mayina onse, kuyambira kholo limenelo, agogo ake a Faness anawalemba m'kope lachikuto chakuda.

Namondwe wa Freddy atafika, a Lorenso anamubereka Faness kumsana madzi ali m'chifuwa, mpaka kukamuika m'bwato. M'bwatomo anaponyamo chilichonse chimene dzanja lagwira: mapoto, mphasa, nkhuku, ngakhale njinga yopanda teyala. Kope lokha linaiwalika. Anadzalipeza madzi ataphwera, litasanduka phala.

Kale izi sizikanapweteka chonchi. Mayina ankakhala m'mitu ya anthu, ndipo mwana wa zaka khumi ankawatchula ngati akuwerenga zala zake. Koma munthu ukachoka kuno sitima ikuimabe pa Bangula, thonje likudzaza mabogi, n'kubwerako patapita zaka makumi atatu, umapeza njanji yamera minga, ndipo ana akudziwa osewera mpira a ku Ulaya ndi mayina a akazi awo omwe, koma agogo awo enieni sawadziwa.

Faness pa madzi aja anatolapo phunziro limodzi lokha: ukaona bwato susankha, umakweza zonse.

2. "Wazimitsa?"

Pa sukulupo panali kalabu ya makompyuta. Ankaiyendetsa ndi a Maclean, mphunzitsi wa sayansi, ndipo chuma chake chonse chinali malaputopu asanu okalamba oyendera sola. Chaka chimenecho a Maclean anauza aliyense wa m'kalabumo kuti akonze tsamba la pa intaneti lofotokoza mbiri ya banja lake, poti kunali mpikisano wa masukulu.

Lamulungu masana, atabwerako kutchalitchi, Faness anabwereka foni ya azakhali ake kuti awajambule mawu. A Eveless anali pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, akusankha nsomba za makakana. Anavomera monyinyirika, akunena kuti ana a masiku ano mutu anaugulitsa n'kugula foni. Komabe anayamba. Akatchula dzina ankaponya nsomba imodzi m'dengu, kuyambira kholo lija mpaka kutsika.

Atafika pa a Lorenso, nsomba inatsala m'manja.

"Wazimitsa?" anafunsa.

Faness anati wazimitsa. Anaitembenuza foniyo chafufumimba pamphasa, koma sanaizimitse.

"Tamvera bwino, chifukwa sindibwereza," anatero a Eveless. "Ndikukuuza iwe popeza bambo ako anapita nazo kumanda, ndipo ine ndikafa sipakhala wodziwa. Chaka chimene anthu ankathawa nkhondo ku Mozambique, amayi anapita ku Bangula kwa achemwali awo ali ndi pakati. Ine ndinawaperekeza, ndili kamtsikana ngati iweyo. Mwana anabadwa wakufa. Sabata yomweyo, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteshoni, panamwalira mayi wina wothawa nkhondo, khanda lili pachifuwa. Chimene anatha kunena n'chakuti dzina lake ndi Lorenso. Amayi mkaka unali ukuwapweteka. Anamutola, anamuyamwitsa, tinabwera naye kuno, ndipo abambo anamulemba m'kope lija ndi dzanja lawo, akudziwa zonse. Ndiye ndi mlongo wanga ameneyo, wofuna kutsutsa adzayambe wandikwirira ine. Koma mawu awa ndi a m'nyumba. Nsomba ndimayanika pamsewu kuti aliyense aone, koma sunandionepo ndikuyanika zovala zamkati pamenepo. Mwiniwakeyo sadziwa. Symon akangozimva, dimba lapita, ndipo Lorenso adzamva kuti ndi mlendo kuchokera pakamwa pa munthu womuda. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Nsomba ija inagwera m'dengu pamodzi ndi zinzake. Foni nayo inali itamva.

3. Nkhokwe ya kumtunda

Lolemba Faness anakopera mawuwo mu laputopu ya kusukulu kuti azilemba mayina akumvetsera. Anawaika mu foda imodzi ndi tsamba lake komanso zithunzi zitatu.

Lachiwiri a Maclean analengeza kuti lero ndi tsiku lotumiza ntchito pa intaneti. Anati chilichonse chimene chili mu laputopu imodzi chili ngati chimanga cha m'nkhokwe ya kudambo. Laputopu imafa, imabedwa, imamira. Sanafunike kufotokoza zambiri, chifukwa m'chipindamo munalibe mwana amene sanaonepo nkhokwe ikuyandama.

Anati pali pulogalamu yotchedwa Git, imene imayang'anira foda yako ngati kapitawo n'kumasunga chilichonse chimene wasintha. Ndiye pali GitHub, malo a pa intaneti, amene iwo ankangowatchula kuti nkhokwe ya kumtunda. Sabata yathayo aliyense anali atatsegula kale nkhokwe yake kumeneko, yopanda kanthu.

Analemba masitepe pa bolodi. Kulemba *git init* ndiko kuika kapitawo pa foda. *Git status* imakuonetsa katundu amene ali pagombe, wosakwezedwa. *Git add* ndiko kukweza m'bwato. *Git commit* ndiko kumanga katunduyo n'kulembapo mawu ofotokoza zimene wachita. *Git remote add* ndiko kumuuza wopalasa kumene kuli nkhokwe yako. Potsiriza *git push*, kukankha bwato.

Kenako anaika choko pansi.

"Apa ndiye munditchere khutu," anatero. "Musanakweze kanthu, yang'anani kaye zimene zili pagombe. Mukatero muzikweza fayilo imodziimodzi, kuitchula dzina lake. Ilipo njira ya aulesi, yolemba *git add* n'kuika kadontho kutsogolo. Imeneyo imakokolola zonse za mu foda, zabwino ndi zonyansa zomwe, ngati khoka. Sindikufuna kuiona muno. Nkhokwe zanuzi tazisiya zosatseka kuti oweruza mpikisano aone, ndiye aliyense angathe kulowamo, wa ku Nsanje, wa ku Joni, ngakhale mdani wa bambo anu. Chimene simungafuule pamsika wa Bangula musachikweze. Ndipo mawu ofotokoza aja muzilemba zoona, osati kungoti 'zinthu' kapena 'ndamaliza'. Bodza la pamenepo limadzakusokonezani nokha."

Faness analemba *git status*. Mayina anatuluka ofiira: tsamba, zithunzi zitatu, ndipo pansi penipeni *mawu_a_azakhali*.

Anawayang'ana nthawi yaitali. Pafupi naye panakhala Flossy, mwana wa a Symon, amene anali naye m'kalasi imodzi. Flossy anamugunda ndi chigongono n'kumufunsa ngati akuwerenga kalata ya chibwenzi, popeza ena akudikira laputopu. A Maclean nawo anali kukumbutsa kuti intaneti ikuchokera pa foni yawo, ndipo bandulo si Shire kuti iziyenda osaphwa.

Pawindo, cha kumapiri a Thyolo, mitambo inali itada bii. Kunagunda kamodzi, chapatali.

Faness analemba kadontho kaja. Anamanga katundu, anakankha bwato.

Za anzake zinkapita m'kanthawi kochepa, koma zake zinkangokwawa. A Maclean anafunsa mokalipa kuti ndani akukweza ng'ombe m'bwato. Faness anati ndi zithunzi, zinajambulidwa zazikulu.

4. Kusesa pabwalo

Lachitatu a Maclean anabwera akumwetulira. Anatulutsa foni yawo n'kuonetsa kalabu yonse kuti ntchito zawo zikuoneka ngakhale kwa munthu amene sanalembe nambala yachinsinsi iliyonse. Anatsegula nkhokwe ya aliyense mwachangu, n'kudutsanso pa ya Faness.

Dzina lija linali pamenepo, poyera, pakati pa zithunzi.

Apo m'pamene Faness anamvetsa tanthauzo la nkhokwe yosatseka.

Akanatha kuimika dzanja n'kunena. Sanatero. Anadikira kuti aphunzitsi apite kukathandiza ena, n'kufufuta fayiloyo mu foda. Anakweza kusinthako, ndipo pofika polemba mawu ofotokoza anachita monga anaphunzitsidwira, analemba zoona: *Ndachotsa mawu a azakhali.* Anakankhanso bwato.

Atatsegula nkhokwe yake, dzina lija panalibe. Anatseka n'kutsegulanso kawiri. Panalibe ndithu. Tsiku limenelo anabwerera kunyumba akuimba, ndipo anatunga madzi asanatumidwe, mpaka a Eveless anamufunsa ngati wadwala.

5. Kapitawo saiwala

Lachinayi phunziro linali lotenga ntchito ya mnzako. A Maclean anati *git clone* imakubweretsera nkhokwe yonse ya munthu wina mu laputopu yako, ndipo *git log* imakuonetsa mndandanda wa zonse zimene mwiniwake anachitamo chiyambire. Anawakhazika awiriawiri. Faness ndi Flossy anawaika pamodzi, akuti popeza ndi pachibale mbiri yawo ndi imodzi.

Flossy anatenga nkhokwe ya Faness n'kutsegula mndandandawo. Munali mizere iwiri yokha. Anawerenga wachiwiri mokweza pang'ono.

"Mawu a azakhali ati amene unachotsa?"

Faness anati munalibe kanthu, linali phokoso la mphepo basi.

"Phokoso la mphepo limakuchititsa thukuta pamphuno?" anatero Flossy.

Anaimika dzanja n'kufunsa aphunzitsi ngati munthu angathe kubweza chinthu chimene chinafufutidwa. A Maclean anasangalala kwambiri. Anati limeneli ndiye funso la mwana woganiza, ndipo ubwino wonse wa Git wagona pamenepo. Anawerama pa laputopu ya Flossy n'kumuonetsa mmene angabwererere ku tsiku loyamba. Fayilo ija inatulukira ngati mtembo wa ng'ombe madzi akaphwera.

Faness anali pomwepo, mkono wake ukukhudzana ndi wa aphunzitsi. Anangoonerera.

A Maclean atapita kwa ena, Flossy anavala timawaya ta m'makutu. Poyamba ankaseka, akuyerekeza mmene a Eveless amatchulira mayina. Kenako anadumphitsa kutsogolo, ndipo kuseka kunatha. Anamvetsera osaphethira. Faness anamugwira dzanja n'kumunong'oneza kuti chonde, koma Flossy analikutumula. Analumikiza foni yake ku laputopu, anadikira pang'ono, n'kupempha kupita kuchimbudzi. Chikwama anatenga.

Patapita mphindi khumi asanabwere, Faness anadzuka n'kukawauza a Maclean zonse.

Aphunzitsiwo anakhala pa laputopu, anamuuza kuti alowe mu akaunti yake, ndipo anaitseka nkhokweyo kuti wina aliyense asaionenso. Atamaliza anatulutsa ana ena onse panja.

"Ndinanena kuti chiyani za kadontho kaja?" anafunsa, mawu ali pansi. "Ndinanena kuti chiyani za msika wa Bangula? Ndipo utalakwa, bwanji sunabwere dzulo? Dzulo tikanagwetsa nkhokwe yonse n'kumanga ina, palibe akanadziwa. Iwe unasesa pabwalo n'kuganiza kuti zinyalala zasowa, chonsecho unangozikankhira kuseri kwa chitseko. Git ntchito yake ndi kusaiwala. Tinaitengera zimenezo. Ukafufuta chinthu, iyo imangolemba kuti tsiku lakuti anafufuta chakuti, chinthucho n'kuchisunga. Ndiye lero waima pambali panga, ukundiona ndikumutsegulira mnzako ndi dzanja langali, iwe duu. Wandisandutsa wakuba m'nyumba ya anthu amene sanandilakwire. Nkhokwe ndatseka, koma zimene zili m'foni ya Flossy ndilibe nazo mphamvu. Kulibe lamulo la pa kompyuta lobweza zimenezo. Thamanga kwanu. Azakhali ako akamve kwa iwe asanamve kwa wina."

6. Mawu a m'nyumba

Faness anawapeza a Eveless pansi pa mtengo wa nimu womwe uja, akumanga dengu la ulendo wa mawa. Anagwada patali pang'ono n'kufotokoza, kuyambira pa foni imene sanazimitse.

A Eveless anamvetsera mpaka kumapeto chingwe chili m'manja. Sanamumenye. Faness akanakonda akanamumenya.

"Ndinakufunsa," anatero. "Ndi pakamwa pangapa ndinakufunsa kuti wazimitsa, iwe n'kundiyang'ana m'maso. Za makompyuta zakozo sindizidziwa ndipo sindikuzifuna. Usandiuze za kadontho. Kadontho sikananame, unanama ndiwe. Amayi anasunga mawu amenewa mpaka kufa. Abambo anawasunga. Bambo ako, ngakhale atamwa kachasu wochuluka bwanji, sanawatulutsepo. Ine ndawasenza zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndadutsa nawo pa maliro, pa maukwati, pa milandu, Symon akunditukwana pamaso pa anthu, ine osayankha. Iwe masiku anayi okha. Ukuti unkaopa kuti atayika ngati kope lija? Kope linatayika, inde, ndipo tinalira. Koma amene anakubereka kumsana tsiku limenelo, madzi ali m'chifuwa, anali kope? Unasunga mawu n'kutaya munthu. Si zonse zokwera m'bwato, mwana iwe. Wopalasa aliyense amadziwa kuti bwato lodzaza mopyola limamira ndi eni ake omwe."

Faness anafunsa, akulira, ngati angathamangire kwa a Symon kukawapempha.

A Eveless anaseka kuseka kowawa. Anati Symon wakhala akufunafuna mpeni zaka zitatu, ndiye lero wautola pakhomo pake wonolanola, angaubweze chifukwa kamtsikana kalira?

Belu la njinga linalira kumpanda. Anali a Lorenso, akuchokera kudimba, matope mpaka m'mawondo, thumba la chimanga chachiwisi lili pakaliyala. Analonjera achemwali awo mwa Chisena monga ankachitira akasangalala, n'kunena kuti chimanga cha chaka chino n'chonenepa ngati mwana wa sing'anga. Anasankha chachikulu kuposa zonse n'kumulozetsa Faness.

"Ichi n'cha injiniya wathu. Bwanji maso afiira? Kompyuta yakuluma?"

A Eveless anaimirira, anakutumula chitenje, n'kuyang'ana kumsewu. Pa mjigo, pamene azimayi a m'mudzi ankatunga madzi, panali pataima a Symon ndi amuna awiri achikulire. Flossy anali kumbuyo kwawo atanyamula kasipika kamene ankaimbira nyimbo pa masewero a mpira wamanja. Azimayi aja anali atayamba kutula zidebe.

"Za ku Bangula ndinena ndine, poti ndinaziona ndi maso," anatero a Eveless chapansipansi. "Koma uyambe ndiwe. Umuuze chimene wachita."

Faness anayenda chogwada mpaka pamene panaima njinga. Chimanga chija sanachilandire.

"Bambo aang'ono, takhalani pansi."

A Lorenso anayang'ana mwanayo, anayang'ana achemwali awo, kumwetulira kusanachoke kwenikweni. Anatsamiritsa njinga pamtengo. Asanafike pamphasa, mphepo ya mvula inaomba kuchokera kumjigo, itanyamula mawu a mayi okwezedwa mpaka kusasa: *Tamvera bwino, chifukwa sindibwereza.*

A Lorenso anatembenuka, chimanga chili m'manja.

"Achemwali," anatero, "si mawu anu amenewo?"